Pakhonde pa Azakhali: Timange kwawo, kwathu kapena konkuno?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndili pabanja zaka 11. Pa zaka zimenezi tasamuka kasanu ndi kamodzi muno mu Lilongwe. Tinayambira ku Kawale, kenaka Chinsapo, Area 36, Mtandire, Senti, ndipo pano tili ku Area 25, nyumba yachiwiri. Kabati yagalasi yomwe tinalandira paukwati yatsala matabwa okhaokha. Alandilodi akwezanso lenti, kachitatu chigwereni kwacha mu November 2023. Akuti simenti yakwera.

Amuna anga amagwira ntchito ku Kanengo, ine ndimagulitsa kaunjika pa Nsungwi. Tasonkhanitsa kandalama, ina ya kubanki m'khonde, ina ya ngongole ya kuntchito kwawo, ndipo tagwirizana kuti timange. Pomwe tasiyana ndi poti timange kuti. Iwo akuti kwawo ku Embangweni, ku Mzimba, poti anandilowola ndipo malo aliko aulere. Amayi anga ku Dedza akuti kwathu mkamwini ndiye amabwera, malo alipo kuseri kwa khola. Ine ndikufuna konkuno. Pali mkulu wina watisonyeza poloti yotchipa chakumadzulo kwa tauni, akuti tilipire sabata ino chifukwa ena akuifunanso. M'nyumba sitikulankhulana, nsima tikudya ngati tili pasiwa. Ndithandizeni.

Wotopa ndi kusamuka, Area 25

Mwana wanga Wotopa,

Pepa ndi kabatiyo. Kasanu ndi kamodzi pa zaka 11! Paukwati paja ankhoswe anaiwala kutiuza kuti wakwatiwa ndi awiri, mwamuna ndi lole. Ana akowo munthu akawafunsa kwawo, sindikukayika amaloza kumsewu. Za alandilodi usadabwe nazo. Landilodi wa mu Lilongwe akangomva pawailesi kuti mafuta akwera, ngakhale akhale ophikira, maso amakhala ali pachitseko chako. Kwacha inagwadi ndi 44 peresenti mwezi umene ukunenawo, palibe akutsutsa, koma khoma lomwe linamangidwa Kamuzu akadali ndi litchowa m'manja silinamve kuwawa kulikonse.

Tiyambe ndi mkulu wa "sabata ino" uja, chifukwa ndiye moto womwe wayandikira tsindwi. Nkhani ya apongozi ako ndi amayi ako yadikira kale zaka 11, ingathe kudikira mpaka ndimalize kumwa tiyi.

"Ena akuifunanso" ndi mawu amene wogulitsa aliyense anayamwira kubere. Iwe wemwe pa Nsungwipo, kasitomala akagwira diresi n'kumaitembenuza osatulutsa ndalama, umati chiyani? Suja umati pali mayi wina wangochoka pompano, wapita kukatenga ndalama? Lero wakumana ndi mnzako wogulitsa kaunjika wa malo, ndiye ukunjenjemera. Koma diresi ikapezeka yong'ambika umangoisoka. Poloti ikapezeka kuti ndi dambo, mwezi wa February muzidzagona patebulo, mapoto akusambira pansi.

Malo sagula m'chilimwe. Mu October dziko lonse la Lilongwe limaoneka labwino, fumbi lofiira lokhalokha, ndipo dambo limavala nkhope ya mtunda. Ukapite mvula itagwa usiku wonse, utavala nsapato zapulasitiki. Ngati mtima sukulola kudikira dzinja, tsegula maso. Pamene pamera bango kapena nsenjere, madzi amagona pomwepo. Dothi lakuda la makande, long'ambika ngati zidendene za agogo ako, limang'ambanso makoma. Uone nyumba zoyandikana nazo ngati zili ndi mzere wa chinyezi wolekeza m'mawondo, ndipo zimbudzi ngati azimanga pamwamba ngati nsanja, udziwe kuti okumba anakumana ndi madzi asanafike m'chiuno. Wati munakhalako ku Mtandire, ndiye sindikukuuza zachilendo. Mu February 2017 Lingadzi atasefukira, anthu ena anachita kupulumutsidwa ndi helikopita ya asilikali. Ku Blantyre, mu March 2023, namondwe wa Freddy anakokolola nyumba m'mbali mwa phiri la Soche ndi ku Chilobwe, anthu n'kutha ngati nkhani yamasewera. Amene anamanga kumeneko sanali opusa ayi. Anali anthu otopa ndi lenti ngati iwe, amene anapeza malo otchipa.

Ukafika pamalopo umusiye mkuluyo alankhule mpaka malovu aume. Umutsanzike bwinobwino, uzungulire, ubwerere wekha. Upite pamjigo kapena pakiyosiki ya madzi, ukhale pansi, uthandizeko wina kusenza ndowa. Amayi otunga madzi amadziwa zimene sizili m'faelo iliyonse: malowo ndi a ndani, agulitsidwa kangati, ndi mphwake uti amene akukana, ndi pati pomwe kale panali manda. Ukachoka apo ndiye upite ku maofesi. Mkati mwa mzinda malo ambiri ali m'manja mwa unduna wa za malo, khonsolo ya mzinda kapena Malawi Housing Corporation. Chidindo cha mfumu ya m'tauni pachokha sichikusandutsa iwe mwini malo, ndipo chigalimoto chogumula nyumba chikadzabwera sichidzayamba chawerenga kalata ya amfumu. Ngati ndi malo a makolo kunja kwa mzinda, mukumane ndi nyakwawa pamodzi ndi abale onse a wogulitsayo, osati mmodzi yekhayo amene wadzuka ndi ludzu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti malo otere azilembetsedwa m'kaundula, ndiye ukafunse ku ofesi ya DC kuti m'deralo zafika pati. Ndalama musakaperekere pansi pa mtengo wa mango. Zidutse kubanki, pakhale mboni, pakhale pepala losainirana.

Papepalapo pakhale maina awiri, lako ndi la mkamwini wanga. Ndabwereza: awiri. Asakulembereni kuti "Bambo Uje ndi banja lawo". Mawu oti banja amatamuka ngati mphira wa legeni. Lero akutanthauza iwe ndi ana atatu, tsiku la maliro adzakwana anthu makumi anayi, ena oti sunawaonepo chikwatiwireni.

China, wati polotiyo ili chakumadzulo kwa tauni, pomwe amuna ako amalawirira ku Kanengo, iwe ku Nsungwi, konse kumpoto. Tenga pepala ndi pensulo ya mwana. Minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera, kabaza pamwamba pake, anthu awiri, masiku 26 pamwezi, ndi bero la kaunjika lomwe kondakitala amalilipiritsa ngati munthu. Uphatikizepo ana ndi sukulu yawo. Ukhoza kupeza kuti lenti imene ukuthawa kwa landilodi uzikaipereka kwa kondakitala, amene sakupatsa ndi denga lomwe. Bwanji osayang'ana mbali ya Dzenza kapena njira ya ku Lumbadzi, komwe mapazi anu anazolowera kale? Ndipo akakuuza kuti mapolo a magetsi akubwera chaka chino, ufunse amayi a pamjigo aja kuti mawu amenewa anayamba kuwamva mwana uti ali kumsana. Mwina mwanayo pano ali Fomu 2.

Tsopano tibwere kwa mkamwini wanga wa ku Embangweni. Usamuseke kwambiri, ngakhale ine ndimusekako pang'ono. Mwamuna wa kuno kwathu saopa njala ngati mmene amaopera maliro ake omwe. Akagona chagada usiku, maso ali kudenga la landilodi, amaona lole yochokera ku Lilongwe itadutsa Kasungu, yakhota pa Jenda, m'mwamba muli anzake a ku Kanengo ndi amayi a kwaya. Amaona bokosi lake likulowetsedwa m'kanyumba kaudzu ka amayi ake, kodontha, anthu akukodolana n'kumanong'ona kuti zaka zonse zija m'tauni ankatani. Nyumba imene akufunayo ndi yoti akagonemo usiku umodzi, ndipo usiku umenewo sadzamva n'komwe ngati simenti yapansi ikuzizira. Koma manyazi amene akuwaopawo ndi enieni. Ku Mzimba ana ndi a kwa bambo, malo amatsata mwana wamwamuna, ndipo mwamuna wopanda nyumba pamudzi wa abambo ake amakhala ndiwo ya nkhani pabwalo. Ukamamuyankha ngati wanena zamisala, adzaumirira kuposa bulu wa pangolo.

Ndikuuze zanga, poti imvizi sindinazigule pa Nsungwi. Mu 1975, likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ine ndinali kamtsikana kongokwatiwa kumene. Ndinakwera pamwamba pa katundu nditakumbatira mtondo wanga, ulendo wa ku Area 18, m'nyumba ya boma, poti malemu amuna anga anali kalaliki. Tinakhala m'menemo mpaka kuiwala kuti si yathu. Ndinabzala mapeyala, ndinabzala nthochi. Nthawi imeneyo komwe lero kuli mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo kunali minda ya chimanga, ndipo anzathu ochenjera ankatenga mapoloti mwakachetechete. Ine ndikati nafenso titengeko, malemuwo ankati m'tauni ndi kuntchito, munthu kwawo ndi kumudzi. Ndalama zonse zinapita kumudzi kwawo. Inamangidwa nyumba ya zipinda zisanu, yamalata, khonde lozungulira, anthu ankachita kupatuka panjira kudzaiona. Tinagonamo Khirisimasi zingapo.

Atapuma pantchito tinabweza makiyi a boma, mapeyala anga n'kutsalira ena. Tinapita kumudzi kuja ndi lole yodzaza. Tinakhalako miyezi isanu ndi itatu. BP yawo inkafuna chipatala chapafupi, ana awiri anali akadali pasukulu m'tauni, ndipo makina anga osokera analibe womusokera kupatula alamu ofuna zigamba zaulere. Tinabwerera ku Lilongwe kudzachita lenti tili ndi imvi, kumanong'ona landilodi wa msinkhu wa mwana wathu akamadutsa pazenera. Lero m'nyumba ija mukukhala mileme, chipinda china alamu anga amasungiramo fodya, mbuzi zimausa mvula pakhonde lozungulira lija. Maliro awo okha ndiye anayenda bwino zedi. Anthu anaiyamikira nyumbayo.

Za malo aulerewo, mwana wanga, ine sindinaonepo malo odula ngati aulere. Sulipira ndalama, umalipira pakamwa. Njerwa ndi zako, malata ndi ako, koma dothi ndi la eni, ndipo eniwo adzakuuza mbali yoloza chitseko, mlamu woti agone chipinda chiti, ndi tsiku loti nkhuku yako iphedwe. Nyumba yotero sungaigulitse, kubanki sailandira ngati chikole, ndipo wochita lenti kumeneko mwina ndi mphunzitsi mmodzi amene adzasamutsidwa teremu yamawa. Ndikudziwa kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Ndi lamulo labwino, ulidziwe. Koma lamulolo limakhala kukhoti, iwe udzakhala pakati pa alamu, kutunga nawo pachitsime chimodzi, ndipo nyumba siisenzeka pamutu kuti upite nayo ku Dedza.

Amayi akonso asaganize kuti apulumuka. Uwapatse moni wanga, kenaka uwafunse funso ili m'malo mwanga: polandira malowolo a ku Mzimba, chikamwinichi anali atachiika m'nkhokwe iti? Ndi zoona kuti kwa Achewa mkamwini ndiye amabwera, ngakhale chitengwa nachonso si chachilendo. Koma monga iwe ukuopa kukakhala mtengwa ku Embangweni, amuna akonso akuopa kukakhala mkamwini ku Dedza, komwe mwini mbumba ndi atsibweni ako, ndipo banja likatha mkamwini amanyamuka ndi bulangete lake basi. Kumuuza Mngoni wa ku Mzimba kuti akathire ngongole yake ya kuntchito kuseri kwa khola la apongozi, uli ngati ukumupempha avale chitenje apite kumsika. Amayi ako ndi apongozi ako akufuna chinthu chimodzi chomwecho, adzukulu pafupi ndi malata owala pamudzi kuti anzawo a kumpingo aone. Palibe mwa iwo amene adzakuthandize kubweza ngongoleyo.

Chigamulo changa ndi ichi. Mangani komwe kumachokera ufa wanu. Ufa wanu ukuchokera ku Kanengo ndi pa Nsungwi, ana akuphunzira konkuno, ndiye nyumba yoyamba ikhale mu Lilongwe, pa malo ofufuzidwa bwino, a maina awiri. Osati poloti ya "sabata ino" ija, pokhapokha itapambana mayeso a mvula, a pamjigo ndi a ku ofesi. Ikakhala kuti ena aitengadi, aitenge, achule akawalandire.

Ndipo musayambe ndi chinyumba cha pa kalendala. Ndatopa kuona nyumba za zipinda zisanu ndi chimodzi zitaima polekeza m'mazenera zaka khumi, mpapaya utamera pabalaza mpaka kubereka, eni ake akadali pa lenti. Mangani zipinda ziwiri chakumbuyo kwa poloti, chimbudzi ndi bafa, mukhome malata, mulowe ngakhale musanapake pulasitala. Ndalama imene inkapita kwa alandilodi mwezi ndi mwezi izisanduka matumba a simenti. Anzako a kubanki m'khonde adzakuseka kuti ukukhala m'boyizikota. Uziwayankha kuti boyizikotayo palibe amene amagogoda pa 1 kufuna lenti.

Ku Embangweni mukamangeko, inde, koma pambuyo, kanyumba ka zipinda ziwiri kamalata, kokwana Khirisimasi ndi usiku umodzi uja. Ku Dedza ukawakhomere amayi malata pakhitchini yawo, udzaona chikamwini chikuiwalika.

Polankhula ndi amuna ako usayambe ndi mawu oti "kwanuko". Usayambitse pansima kapena pamaso pa ana. Udikire asambe, adye, akhute, ndiye uti: "Bambo a ana, ku Embangweni tikamangako ndithu, ndipo ndikufuna ikakhale yooneka bwino. Koma tiyambe tathana ndi lentiyi kuti ndalama yomangira kumudziyo ipezeke." Ukatero wawapatsa maliro awo aulemu, adzakumvera. Kenaka utulutse pepala la masamu lija. Akakanabe, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Nkhuku anadya paukwati ija inali ya ntchito ngati imeneyi.

Kabatiyo usaitaye. Matabwawo adzakhala mashelefu m'nyumba yako.

Azakhali

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakhala ku Ndirande m'nyumba za mdadada. Ndapeza nyumba ina ku Chilomoni ndipo ndikufuna ndisamuke usiku. Zifukwa ndi ziwiri. Ndili ndi ngongole ya lenti ya miyezi iwiri, komanso matiresi anga si oti anthu awaone masana. Kodi pamenepa ndalakwa?

Mnyamata wa pamdadada, Ndirande

Mphwanga wa pamdadada,

Wabwera ndi matenda awiri, amodzi ndi chimfine, ena ndi oti ugonekedwe.

Za matiresi ndi chimfine. Ukubisira ndani? Pamdadada, pomwe khoma silifika kudenga ndipo woyandikana naye amadziwa kuti watembenuka kangati usiku? Matiresi akowo amawadziwa ndi mapu onse amene ali pamenepo. Uwakulunge m'chitenje, uwamange ndi chingwe, ukweze dzuwa lili paliwombo. Amene aseke nayenso ali ndi ake.

Za ngongole ndiye ukhale pansi. Akulu anati ukayenda siya phazi, ndipo Blantyre ndi wamng'ono kuposa mmene ukuganizira. Ndirande ndi Chilomoni ndi makomo oyandikana. Akazi a landilodi wakoyo mwina amapemphera mpingo umodzi ndi landilodi watsopanoyo, ndipo Lamulungu lisanathe mbiri yako idzakhala itafika iwe usanakhome ndi msomali wa neti womwe. Komanso landilodi akaona munthu akutsitsa katundu 1 koloko usiku, amadziwiratu kuti adzachokanso nthawi yomweyo, ndiye azidzagona khutu lili kuchitseko chako. Sindinanene za achitetezo a m'dera. Akakupeza pakati pausiku wasenza TV pamutu, wailesi kukhwapa, udzawauza kuti ukusamuka, iwo adzayamba akufunsa ndi zibonga.

Pita kwa alandilodi masana, chipewa m'manja. Upereke imene uli nayo, yotsalayo mulemberane papepala kuti uzibweza motani, pakhale mboni. Usese m'nyumbamo, uzule misomali yako, kiyi umupereke m'manja, osati kumusiya pansi pa mwala. Ngati palibiretu ndalama, usiye wailesiyo ngati chikole, nyimbo uziimba wekha.

Ku Chilomoniko usanapereke lenti ya miyezi itatu, ufunse zinthu zimene anyamata mumaiwala chifukwa chotengeka ndi penti. Mita ya magetsi ndi yako wekha kapena mukugawana? Mita yogawana ndi mayi wa hotipuleti amene amaphika nyemba Loweruka lililonse idzakudyera mayunitsi iwe ukungotchaja foni. Chimbudzi chimodzi mukhala anthu angati, ndipo amakolopa motsatana bwanji? Madzi a mu Blantyre ambiri amachita kupopedwa kuchokera mu Shire, ku Walker's Ferry, kukwera nawo mtunda wonsewo, ndiye usangoona mpopi n'kusangalala. Ufunse oyandikana nawo kuti umatulutsa nthawi yanji, mwina ndi 3 koloko m'bandakucha. Mvula ikagwa upitenso ukayang'ane kudenga.

Ndipo matiresiwo uwayanike padzuwa masiku awiri usanawakweze. Nsikidzi za ku Ndirande sizinapemphe kusamukira ku Chilomoni.

Azakhali